Ananditulutsa pa Msonkhano Wanga Womwe

Lachiwili lapitali ndinakhala ola lathunthu pa njelwa, panja pa holo ya tchalitchi ku Nyimba, ndikuwelenga nkhuku za abusa. M'katimo munali msonkhano wa bodi ya kabungwe kathu kokumba mijigo m'midzi. Wapampando wa bodiyo ndine. Nanga panja ndimatani?

Chaka chino mphamvu zathu zikukwanila mjigo umodzi basi, koma midzi yopempha inatsala iwili, wina wa ku Nyampande, wina wa ku Nyalugwe. Wa ku Nyalugwewo ndi kwathu, kumene unagwela mchombo wanga. Kumakhala alongo anga aakulu, a Tisauke, ndipo m'mawa wa tsikulo anali atandiimbila foni.

"Iwe Yosefe, ndiwe malume wa ana aba. Akumwa manzi ya m'dambo pamozi na ng'ombe. Manje mpando uli nawo, usatichititse manyazi."

Ndisakunamizeni, mawu ndinali nditawakonza kale m'basi. Ndinali wokonzeka kuufotokoza mtunda wa kudambo mpaka anthu agwetse misozi.

Titafika pa nkhani ya mjigo, ndinakonza kukhosi kuti ndiyambe. Mlembi wathu, amai Mwansa, anakweza dzanja. Iwo ndi nasi wa kuchipatala wochokela ku Kasama, Mbemba weniweni, ndiye ndi ambuya anga pa chibale chanthabwala cha Abemba ndi ife a kum'mawa: amanditukwana mmene angafunile, ine osakwiya. Iwo amatiseka kuti timadya mbewa, ife timawaseka kuti amadya anyani.

"A Tembo, lamulo lathu likamba kuti amene ali na abale pa nkhani, azichoka panja. Yendani mukakumbe mbewa, tizakuitanani."

Holo yonse inafa ndi phwete. Anzanga enawo lamulo amalidziwa bwino, koma palibe akanalimba mtima kundiuza. Zinatengela wodya anyani. Chinandiwawa kwambili n'chakuti lamulolo ndinalemba ndine, ndi dzanja langali, pamene timayamba kabungweka. Nthawi imeneyo ndimaganiza kuti ndikulembela ena.

Ndinatuluka mtima ukuwawa, koma njelwa imaziziritsa munthu.

Tiyeni tiuzane zoona, abale anga. Wakwathu akakhala pa mpando uliwonse, kaya wa komiti ya sukulu, wa kopaletivu kapena wa kwaya, timayembekezela chiyani? Timati wa m'kachisi amadya za m'kachisi. Akabweletsa kanthu kumudzi ndi mwana wabwino. Akapanda, wayamba kudzimva. Koma wa mudzi wina akachita zomwezo timafuula kuti n'kukondela. Kodi kukondela kumanunkha pokhapokha kukapita kwa ena?

Ndipo ndaiona mijigo yobwela mwa njila imeneyo. Anthu amaipatsa dzina la munthu: "mjigo wa a uje." Ukathyoka palibe amaukonza, onse amadikila mwini wake abwele kuchokela kutauni.

Kutsogolela bodi ndimakuyesa kuyankhula bwino. Kani nthawi zina n'kusiya mpando wako uli wofunda, anzako n'kumaweluza nkhani yokukhudza iwe uli panja, osamva ngakhale liwu limodzi.

Atandiitana, amai Mwansa anawelenga chigamulo. Mjigo wa chaka chino upita ku Nyampande, chifukwa kumeneko kuli sukulu ndipo chitsime chawo chinagumuka ndi mvula. Mudzi wathu aulemba woyamba chilimwe chamawa. Ndinasaina. Ndinadabwa kuti pamtima panali popepuka ngati ndatula thumba la chimanga.

Chinatsala ndi a Tisauke. Ndinawaimbila ndili pa siteshoni, ndisanakwele basi yobwelela ku Petauke. Nditawauza chigamulo, anandifunsa:

"Ndiye iwe unakamba chani?"

"Palibe, alongo. Ninali panja."

"Panja! Mpando wako ni wa nchito yanji kansi?"

Ndinawauza kuti mjigo ukadzabwela chaka chamawa, palibe adzanene kuti ndi wa a Tembo. Udzakhala wa mudzi. Anayankha kuti mawu okoma sanadzazepo ndowa.

"Loweluka ubwele. Ubwele na vigubu viwili."

Ndinapita. Chibale n'fupa, sichiola. Anandipatsa njinga ya alamu, ndipo wapampando wa bodi, tcheya wathunthu, anatsika kudambo katatu, amai a m'mudzi akundiseka njila yonse. Madzi ake ndinawaona ndi maso anga, ndinawamwanso. Ndi oipadi, ndipo ana a alongo anga adzawamwa chaka china chathunthu. Zimenezo sizindisangalatsa, ndipo sindidzaziiwala pa msonkhano uliwonse.

Ulendo wachitatu ndinapeza a Tisauke atandiyalila mphasa pamthunzi, mbale ya nsawawa ili pambali. Anandiyang'ana thukuta lili chuchuchu.

"Chaka chamawa bakakamba za ise, uzachokanso panja?"

"Nizachoka, alongo."

Anapukusa mutu, n'kundikankhila mbale.

"Idya. Wenze wouma mutu kuchokela uli mwana."

Nanga inu amene muli pa mpando lelo, nkhani ya kwanu ikafika, alipo amene angakuuzeni kuti mutuluke?