Tsiku limene a Goliati anatsikira m'dzenje

Kuno ku Nazombe ukafunsa za a Belita, anthu amati, "Aja a majumbo?" Dzinali silinabwere mwaulemu. Mayiwa akamachokera kumsika amayenda chowerama, kutola majumbo ndi mabotolo apulasitiki, n'kukaunjika kuseri kwa khola la mbuzi. Ine ndimakhala moyandikana nawo, ndipo ndisaname, ndinkaseka nawo.

Kuseka kunatha madzi a namondwe wa Freddy atatsika m'mapiri. Nyumba ya a Belita ndi amuna awo, a Goliati, inagwa ngati zina zambiri. Anasamukira pamtunda pang'ono, n'kukhala m'chisakasa, n'kuyamba kumanga okha. Njerwa anaumba awiriwiri. Majumbo aja mayi ankawasungunula m'chidebe chakale, kusakaniza ndi mchenga, n'kumata kunsi kwa nsanamira za khonde kuti chiswe chisalowe. Fungo lake linali loipa kwabasi, ndipo ndinadandaulapo kangapo. Mabotolo anawadzaza dothi n'kumangira bafa, lomwe mpaka lero silinapendekeke.

Pofika Okutobala zipupa zinali zitaima. Chinatsala ndi denga, ndipo mvula inali pafupi. Malata akale anali atawatola m'matope n'kuwawongola, koma mapaso analibe. Pa mitengo yawo yonse ya bulugama, madzi anawasiyira umodzi wokha. A Goliati ataupima ndi mikono anati mutuluka mapaso khumi ndi anayi. Nyumbayo inkafuna khumi ndi awiri.

A Goliati ndi mmisiri wocheka matabwa, zaka makumi atatu. Kucheka kwathu kuno n'kwa anthu awiri. Chipika chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, mmodzi amaima pachipikapo, wina m'dzenjemo, sowo pakati. Wapamwamba ndiye mwini ntchito, chifukwa ndi amene amatsata mzere wakuda womenyedwa ndi chingwe chonyika m'makala. Wam'munsi amangokoka ndi kumeza utuchi. Zaka zonsezo a Goliati anali apamwamba. Mnzawo wam'dzenje, a Makina, anawolokera ku Mozambique madzi ataphwa, osabweranso. Ndiye a Belita anamanga chitenje n'kulowa m'dzenje.

Panali chinthu chimodzi chimene mudzi wonse unkadziwa koma palibe ankachitchula. Maso a a Goliati anali atachita ng'ala. Munthu ankamuzindikira ndi mawu, koma akadutsa ankanamizira kuti anamuonera patali.

Phaso loyamba linatuluka lonenepa uku, loonda uko. Lachiwiri linakhota ngati nthochi. Ndinali pomwepo, ndikusenda chinangwa pamthunzi, ndipo mtima unandiwawa. Likanawonongeka lachitatu, ndiye kuti banjalo likanagonanso m'chisakasa dzinja lonse, a Goliati ali ndi chifuwa chosatherapo.

Ndinakokera a Belita pambali. "Bwanji osawauza? Kwerani inuyo pamwamba, mzere mumauona."

"Ndikaime pamwamba pa mutu wa amuna anga, anthu akuona?" anatero motsitsa mawu. "Mukufuna azikayenda bwanji kutchalitchi?"

Ine ndine wapakamwa, ndikanangonena basi. A Belita sali choncho. Anatenga phaso lokhota lija n'kukaliika pamiyendo pa amuna awo, omwe anali atakhala pansi akunola sowo ndi tupa.

"Bambo, tandigwirireni ili, ndikatunge madzi."

Anapitadi kumjigo, ndipo anachedwako dala. A Goliati anayendetsa chikhatho paphasopo kuchokera kumutu mpaka kumchira, kenako n'kubwerezanso. Analiika pansi bwinobwino, n'kukhala pomwepo akulingalira mpaka dzuwa kupendeka.

M'mawa mwake anadzuka akutsimphina.

"Mayi, mawondowa lero akana. Sinditha kukwera. Takwerani inu, ine ndikokereko m'munsimu."

"Pepani bambo," anatero a Belita. "Ndiyesako, koma muzindiuza."

Anadula botolo lalikulu lapulasitiki, kuliboola mbali zonse ziwiri, kumanga linya, n'kuwaveka amuna awo kumaso kuti utuchi usalowe. Kenako anavala buluku lakale la a Goliati mkati mwa chitenje n'kukwera.

Tsiku loyamba anayenda pang'onopang'ono. Mawu ankachokera m'dzenje: "Musakankhe, ingoiperekezani. Sowo imadya yokha." Anthu opita kudimba ankaima, kuyang'ana, ena kugwira pakamwa. Aliyense wofunsa, a Belita ankamuyankha asanamalize n'komwe: "Mawondo." Kwa masiku asanu ndi anayi mawondo a a Goliati anatchuka m'mudzi monse, mpaka ena kuwabweretsera mankhwala opaka.

Phaso lomaliza linachekedwa Lachisanu masana, mitambo itayamba kale kuunjikana kumapiri a ku Fort Lister. Panali anthu angapo, pakati pawo a Steve, omwe ankafuna matabwa a chitseko.

"A Goliati, mawondo akapola mundiuze," anatero a Steve. "Ndili ndi mtengo wa mbawa ukudikira inu."

A Goliati anatuluka m'dzenje, osatsimphina ngakhale pang'ono. Anavula chibotolo chija, tsitsi lili mbuu ndi utuchi, n'kupempha kuti awapatse phasolo. Analisisita mbali zonse zinayi. Linali lowongoka.

"Mawondo anga alibe vuto, a Steve," anatero. "Maso ndi amene anatha. Mzere sindiuonanso, ndipo ndi kale."

A Belita, ali chiimire pamwamba pa dzenje, anayang'ana kumbali n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje.

"Za mbawa wanuwo kambiranani ndi a Belita," anapitiriza a Goliati. "Akavomera, ine ndidzabwera kudzakoka."