Tsaya la mlamu wanga panjira ya ku Chipata

Tinanyamuka ku Mnkhanya dzuwa litatuluka kale, chifukwa m'bandakucha njovu zimakhala zisanachoke m'minda. Mlamu wanga Tamara ndinamukweza pa keliyala ya njinga. Iye ndi mng'ono wa mkazi wanga Enelesi, amene anamwalira pobereka chaka chatha pamodzi ndi mwanayo. Tsaya la Tamara linali litatupa kwa miyezi ingapo, losapweteka koma lolimba ngati mango aawisi, ndipo mano awiri anali atayamba kugwedera. A ku kiliniki anati apite ku Chipata akamudule kanyama koti akapime. Apongozi anasankha ine kuti ndimuperekeze, poti ndine mphunzitsi ndipo chizungu cha madokotala ndimachimva. Ndinavomera, ngakhale ndinkadziwa zimene anthu ankanong'onezana pa mjigo, zoti banja likufuna Tamara adzalowe m'malo mwa mkulu wake.

Njinga ndinaisiya pa shopu ya mnzanga pamsewu waphula. Cha m'ma seveni tinakwera minibasi yochokera ku Mfuwe. Kondakitala anati thu handiredi munthu mmodzi, ndipo analumbira kuti malo alipo ambiri, kenaka n'kutipanikiza pakati pa matumba a mpunga ndi mayi wina wonenepa wogulitsa nsomba zouma.

Tamara anali atazinga chitenje kumaso. Titadutsa Masumba galimoto inagwa m'dzenje, chitenje chija n'kutsetsereka. Mayi wa nsombayo anayang'ana tsaya, kenaka anayang'ana manja anga.

"Abambo, mwaswera bwanji?" anatero mokweza, ngakhale unali m'mawa. "Dzanja lanu ndi labwino ndithu. Mumamenya mbali imodzi yokha kuti inayo izitafuna?"

Ena anaseka. Bambo wina kumbuyo anayang'ana taye yanga n'kunena kuti, "Ovala mataye ndiwo oopsa." Mayiyo anagwira Tamara pabondo. "Mwana wanga, ukafika ku Chipata usayambe ndi chipatala. Yamba ndi polisi."

Yankho linali lalifupi: si mkazi wanga, ndipo palibe anamumenya. Koma ndikanatero akanafunsa kuti nanga mkazi wanu ali kuti, ndipo mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa mlendo. Ndinangoyang'ana pawindo ngati ndikuwerenga mitengo ya mopane.

Pa boma la Mambwe munthu wa kutsogolo anatsika. Ndinadumpha matumba aja n'kukakhala pafupi ndi dalaivala. Ndinadziuza kuti ndikufuna kuwongola miyendo. Ndinagula zitumbuwa ziwiri pawindo n'kuyamba kudya, osakumbuka kuti Tamara sangatafune ndipo sanalawe kanthu chidzukire.

Dalaivala ataliza injini, kondakitala anandigogoda paphewa. "Bwana, madamu anu atsika."

Ndinamupeza ataima pansi pa mtengo, chikwama chili m'manja, akuyang'ana njira yobwerera.

"Tamara, tiye. Galimoto ikupita."

"Pitani, alamu. Ine ndikubwerera kwa amayi."

"Nanga chipatala?"

"Achemwali analowa m'chipatala akuyenda okha, munaona mmene anatulukira. Ine ndinalimba mtima chifukwa ndimati ndili ndi munthu. Koma ngati nkhope yangayi yakuthawitsani tisanafike n'komwe, akadzandidula mudzathawira kuti?"

Sanalire. Anayankhula pang'onopang'ono chifukwa pakamwa sipankatseguka bwino. Dalaivala anali akuimba huta. Ndinadziwa kuti akabwerera tsiku limenelo sadzakweranso galimoto, ndipo chotupacho chidzapitiriza kudya fupa.

Ndinabwerera pa chitseko cha minibasi. Nkhope zonse zinali pa ine.

"Amayi," ndinauza wa nsomba uja, "uyu ndi mlamu wanga. Ali ndi chotupa m'chibwano. Mkazi wanga anamwalira. Ndinachita manyazi, ndipo ndamulakwira. Ndithandizeni kumupempha akwere."

Mayi uja anatsika movutikira, nsomba zikununkha m'chitenje chake, n'kupita pansi pa mtengo. Zimene anakambirana sindinazimve. Anabwera atamugwira dzanja, ndipo pondidutsa anati, "Sukulu yonseyi, pakamwa munasiya kunyumba? Gulirani mwanayu maheu." Ndinagula. Ndinabwereranso kumbuyo pakati pa matumba, ndipo mpando wa kutsogolo anakhalapo bambo uja ananena za mataye.

Kuchokera pamenepo msewu umakwera mapiri kutuluka m'chigwa, ndipo kutentha kumachepa. Minibasi inkakwera ngati ikupepesa phirilo. Tamara anamwa maheu ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Tinafika ku Chipata masana. Kuchipatala, m'chipinda cha mano, anamujambula, ndipo dokotala, mayi wachitsikana, anatiwonetsa chithunzicho. M'fupa la chibwano munali mphako zingapo zakuda zogundana ngati thovu la sopo. Anati zotupa zotere zimachokera ku timaselo timene tinapanga mano munthu ali mwana, tina timatsalira m'fupa n'kudzuka patapita zaka. China chimangokhala thumba la madzi, china ndi chotupa chimene chimabwereranso ngati sanachichotse chonse. Pachithunzi zimatha kufanana. N'chifukwa chake amadula kanyama n'kukatumiza ku Lusaka, kumene amakapaka mankhwala a mitundu n'kukaona pa makina okulitsa zinthu. Nthawi zina amapimanso mapuloteni a m'maselomo kuti adziwe ngati akuchulukana mofulumira. Yankho ndilo lidzanene kukula kwa fupa loti achotse.

Ndinayamba kumasulira, koma Tamara anandidula. Anafunsa dokotalayo yekha m'Chinyanja ngati amugoneka tulo. Dokotala anati ayi, angobaya jakisoni pa nkhama, aziona ndi kumva zonse.

"Ndiye dulani," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Alamu, mukhale pomwepo pamene ndingakuoneni."

Ndinaima pakhoma moyang'anana naye mpaka anamaliza kusoka. Fungo la m'chipindamo ndinalidziwa, linali la tsiku limene Enelesi anamwalira, ndipo miyendo inkafuna kunditulutsa panja, koma sindinasunthe. Kanyamako anakaika m'kabotolo ka mankhwala, kakang'ono ngati njere ya nyemba, n'kulembapo dzina lake.

Apongozi anandituma chifukwa cha chizungu, koma chizungucho sichinagwire ntchito tsiku lonse. Chimene Tamara ankafuna kwa ine chinali choti ndikhale pamene angandione. Yankho la ku Lusaka sitinalilandirebe.