Besi ya a Casimiro

A Casimiro Olvera, bambo anga a ubatizo, anali munthu wouma mutu, ndipo ndikunena izi ndikuwakonda. Anakulira m'minda ya thonje ku Falfurrias, zala zili ming'aluming'alu, koma akagwira akodiyoni Loweruka, ngakhale odwala nyamakazi ankaiwala ndodo. Bambo anga ondibala, a Hilario, ndiwo ankawalizira gitala yaikulu ya zingwe khumi ndi ziwiri, ija ya mawu a pansi. Anayenda limodzi zaka makumi atatu, pa lole ya otola thonje mpaka ku Lubbock, akukangana njira yonse.

Tsiku lina a Casimiro anatsegula akodiyoni yawo, n'kuzulamo timalilime tonse ta besi, toliza mawu a pansi, ta kumanzere, n'kukataya m'ngalande. Ankati timalilimeto tikungowathera mpweya. Amayi atawadzudzula, analoza bambo n'kungoti, "Alamu, besi ndisenzerenji? Besi yanga ndi wadaziyu." Anyamata a m'matauni oyandikana anatengera, ndipo mpaka lero amazula, osadziwa n'komwe amene akumutsanzira.

Bambo atadwala mapapo anapempha chinthu chimodzi chokha: kumanda kusakakhale nyimbo zolira, a Casimiro akalize polka, nyimbo yovina imene awiriwo anapeka ali anyamata. A Casimiro analonjeza. Titawauza kuti apeze wagitala wina, anakana kwamtuwagalu. Titati abwereke akodiyoni yathunthu, anati ya eni imanunkha thukuta la eni.

Kumanda dzuwa linali loswa mtengo. Anayamba bwino, dzanja lamanja likuthamanga ngati kale. Atafika pamene bambo ankalowera ndi gitala, anasiya mpata monga mwa masiku onse. Mpatawo unangokhala zii. Zala zakumanzere zinadina mabatani, koma munangotuluka mpweya. Anayambiranso, n'kuima pomwepo.

Ndinawagwira mkono. "Pitirizani, bambo. Ikumveka bwino."

"Usandinamize, mwana wanga. Ili ndi theka la nyimbo. Theka linalo mwalitsekera m'bokosimo."

Sanaimalize. Ndinawakwiyira chaka chathunthu, chifukwa bambo sanapemphe zambiri, ndipo lero mkwiyo umenewo umandichititsa manyazi. A Casimiro anakhalanso ndi moyo zaka zisanu ndi chimodzi, akukonza mipanda pa famu ya ng'ombe, osagwiranso akodiyoni. Lamulungu lililonse ankabwera kwathu kudzadya nyemba, ndipo nthawi iliyonse potsanzika ankavula chipewa n'kuwapepesa amayi.