Kandulo ya pa Foni ya Phoebe

Mukalowa mumsika wa Nkhata Bay cha kumbali ya nsomba, simungamuphonye Phoebe Longwe, amene timamuitana kuti Anyalongwe. Amagulitsa usipa wouma ndi ufa wa kondowole. Benchi langa la kaunjika layang'anizana ndi lake, ndipo kwa zaka khumi ndi zinayi sindinamuonepo akutsitsira munthu mtengo. Makaniwo ndi akumtundu. Bambo ake, a Davis Longwe, anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale, munthu woti akati ayi, ngakhale abusa ankangotola chipewa n'kumapita.

Ana anali awiri, Phoebe ndi mlongo wake Edwin. Wanzeru zam'kalasi anali Edwin, koma anasiya sukulu yauphunzitsi pakati kuti apite ku Joni. Tsiku lonyamuka, a Davis anaima pakhomo n'kumuuza kuti, "Ukakwera basiyo, udzabwere tsiku la maliro anga." Mwanayo, poti naye ndi Longwe, anamvera. Zaka khumi ndi chimodzi zinatha asanapondeko kuno. Pa Khirisimasi ankalembera Phoebe moni wa mizere iwiri, osafunsa za bambo ake. Nawo a Davis dzina lake sankalitchula, koma Phoebe anandiuza kuti foni ikalira m'nyumba, ankatsitsa wailesi.

Mayi awo anali atamwalira kalekale, ndiye wosamala mkuluyo anali Phoebe. M'mawa kuwatenthetsera madzi osamba, masana kukwera chitunda cha kwawo kukawapatsa chakudya, n'kutsikanso kudzagulitsa. Za foni analibe nazo ntchito. Pa Watsapu pake panalibe chithunzi, panali kamunthu kotuwa kopanda nkhope kaja, ndipo ine ndinkamuseka kuti akuoneka ngati wothawa apolisi.

Loweruka lina a Davis anakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Phoebe anagula keke, koma timakandulo tapakeke sanatipeze m'tauni muno, ndiye anangozikapo kandulo yoyera yaikulu, yomwe timayatsa magetsi akazima. Anajambulitsa chithunzi chachikulu bwino: mkuluyo ali pakati atavala jekete lakuda lakutchalitchi, Phoebe kumanja, adzukulu kumanzere, mabaluni pamwamba.

Lolemba m'mawa anati achiike pa dipi, pamalo pa kamunthu kotuwa ka pa Watsapu kaja. Ndinamuuza kuti abweretse ndimuthandize.

"Ndili ndi zala zanga," anandiyankha.

Vuto la dipi ndi lakuti foni imakupatsa kabokosi kakang'ono, ndipo anthu amaona kozungulira ngati chitsekerero cha botolo. Banja lonse silingakwanemo. Ndinamuona akukoka chithunzicho uku ndi uku akudandaula kuti adzukulu akuduka mitu, iye mwini akuoneka wonenepa. Mapeto ake anati bola aonekere mwini tsikulo. Anakulitsa nkhope ya bambo ake ndi zala ziwiri, n'kudina. Kenako anamva kuti sitima ya Ilala yafika ndi nsomba za ku Likoma, anaponya foni m'chikwama n'kuthamangira kudoko.

Patapita kanthawi ndinatsegula foni yanga. Pa dzina la Phoebe panali a Davis okha, jekete lakuda, maso atatsinzina, ndipo pambali pawo kandulo yoyera ikuyaka. Keke panalibe, mabaluni panalibe. Kutsinzinako n'kuti akukoka mpweya kuti azimitse kandulo ija, koma ine zimenezo sizinandibwerere m'mutu. Kuno kwathu munthu akaika nkhope ya mkulu ndi kandulo pa dipi, safunika kulembanso kanthu. Ndinayang'ana pabenchi la Phoebe, palibe munthu, nsomba zili zosavindikira. Ndinati basi, anamuitana mwadzidzidzi.

Ndivomere, amene anayamba kukuwa ndine. Ndinamuona ndi maso angawa akuika chithunzicho, ndipo ndinamumva akunena za Ilala, koma mantha akakugwira nzeru zimathawa. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ine sindinadekhe. Ndinamuimbira kawiri, osayankha. Ndinauza mnzanga wa tomato, wa tomato anauza wa makala, ndipo pasanathe ola amayi a Umanyano a kutchalitchi kwathu anali atamanga mipango kumutu. Tinakwera chitunda tikuimba nyimbo yamaliro, ine ndili patsogolo, misozi ili mbwee.

Titakhota pa mtengo wa mango, nyimbo inaduka yokha. A Davis anali pakhonde, mwendo pamwamba pa unzake, akusenda nthochi.

Mayi wina anagwa chagada m'maluwa. Wina anataya nkhuni zomwe anasenza n'kuliyatsa liwiro lotsetsereka. Ine ndinangoti kukamwa yasa, ndipo sindikudziwa chomwe chinandiimika.

"Wamwalira ndani?" anafunsa a Davis.

Ungamuuze bwanji munthu kuti ndi inuyo?

Nthawi yomweyo Phoebe anatulukira akupuma mwawefuwefu, nsapato zili kumanja. Kudoko munthu wina anali atamugwira dzanja n'kumupepesa. Ataona bambo ake ali moyo anakhala pansi pafumbi, kenako anatembenukira kwa ine. Mawu amene anandiuza m'Chitonga sindingawalembe pano, ndipo ndinayenera kuwamva. Ndinamuonetsa dipi yake. Anaiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa.

"Chiuta wangu," anatero. "Ndawapha ndekha Ada, bambo anga."

Anatulutsa foni m'chikwama kuti achotse chithunzicho, ndipo isanatseguke n'komwe inayamba kulira. Nambala inali ya ku Joni. Mwangozi anadina pokweza mawu, ndiye tonse tinamva. Anali Edwin, bambo wamkulu wazaka makumi anayi, akulira mosadzigwira.

"Asisi, bwanji osandiuza? Ndizionera pa dipi ine? Chonde musawaike ndisanafike. Ndili pa depoti, tikiti ndagula kale. Asisi, anandikhululukira? Ananenapo chilichonse za ine?"

Phoebe, mayi amene amakalipira amalonda a m'boti mpaka kuwathawitsa, tsiku limenelo anangoyang'ana bambo ake. A Davis anali atasiya nthochi ija pambale. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkawadziwa mkuluyo. Akanatha kungolowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Koma a Davis anatambasula dzanja. Phoebe anayenda chogwada n'kuwapatsa foniyo.

"Edwin," anatero.

Kulira kuja kunaleka. Tinangomva phokoso la mabasi ndi anthu oitanira akutali.

"Edwin, ndine. Sindinafe."

"Ada?"

Liwu lake linali laling'ono, la mwana. Amayi aja, amene anabwera kudzalira maliro abodza, anayamba kulira zenizeni, ndipo nane ndinalira nawo. A Davis anatiyang'ana tonse ndi mipango yathu kumutu, anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kubweza foni kukamwa.

"Tikitiyo usabweze," anatero. "Ndinati udzabwere tsiku la maliro anga. Amayi a Umanyano afika kale, nyimbo aimba. Watsala iwe."