Amalume Akukamenyana ndi Kompyuta

Tinanyamuka pa Ligowe dzuwa likungotuluka, ine ndi amalume anga a Nyadani, katswiri wa bawo amene dera lonselo linali litatopa naye. Chimene chinatiyendetsa ndi wailesi. Inalengeza kuti makina oganiza a ku Amereka agonjetsa katswiri wa ku Rasha pa masewera a tchesi, ndipo mayiko awiriwo akulozana zala. Amalume analumbira pamaso pa anzawo kuti akawaphwanya makinawo, ndipo akagonja sadzaseweranso. Poti msuweni wanga ankagwira ntchito mu ofesi ina ya kompyuta ku Blantyre, ine ndinasanduka wonyamula thabwa la bawo.

Pa boma la Neno tinakwera matola, pikapu yodzaza manachesi. Munthu K30, thabwa K10, chifukwa amalume anakana kuti anthu alikhalire.

Tikutsika mapiri, bambo wina wa sitolo wovala kofiya anafunsa za ulendo. Atamva anaseka mpaka kutsokomola.

"Kodi achikulire, makinawo mukawamenyera Amereka kapena Rasha?"

"Ndikamenyera Ligowe. Zipani zachuluka, aliyense ayime payekha basi."

Pa Zalewa tinatafuna chimanga chootcha tikudikira minibasi. Amalume, fumbi mpaka m'nsidze, ankangosuntha timiyala pansi, kukonzekera adani. Ine manyazi anandigwira, koma mtima unkanyadira.

Cha m'ma 2 koloko tinalowa mu ofesimo. Amalume anavula chipewa, nayala thabwa patsogolo pa kompyuta.

"Uzani mnzanuyu ayambe. Mlendo ndine, koma ndamulola."

Msuweni anadinadina mabatani, nakanda m'mutu.

"Pepani amalume, bawo siidziwa. Muli tchesi ndi makhadi okha."

"Nanga ija inagonjetsa wa ku Rasha imadziwa?"

"Ayi, nayonso."

Ndinawomba m'manja. "Mwapambana amalume! Wokana kukhala pa bawo ndiye wagonja, eti?"

Sanaseke. Anatolera mbewu zawo imodziimodzi, kuthira m'kathumba.

Pobwerera amalume anangofungatira thabwa lawo mpaka tinawoloka Shire. Ndinkaganiza kuti akukonza bodza lokauza anzawo, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza. Ndinazindikira mochedwa kuti munthuyu akanakonda kugonja kusiyana ndi zimene tinapezazo.

"Mphwanga," anatero akuyang'ana pawindo, "anthu aja akulimbirana nzeru za dziko lonse. Ife sanatifunse n'komwe kuti timasewera chiyani."