Akangaude a M'kachasu

Mng'ono wanga anapita ku koleji ali munthu wabwinobwino, koma anabwerako akukwawa m'minda. Ankasaka akangaude. Osati oluka ukonde kudenga aja ayi, koma othamanga pansi, otuwa ngati dothi, amene wamkazi wake amabereka tiana kumsana. Kwa ine onsewo anali kangaude basi, woyenera kumuphwanya ndi patapata. Kwa iye inali mitundumitundu: wa m'mphepete mwa Shire ku Liwonde, wokumba una m'mbali mwa njanji ku Nkaya, wa m'mapesi kwathu kwa Kawinga. Aliyense ankamuika m'kabotolo kake n'kumumiza m'sipiriti kuti asaole.

Zinthu zinasokonekera sipiriti atatha. Ku koleji anamuuza kuti adikire, ndiye poti kangaude wakufa sadikira, mnyamata anayamba kugula kachasu. Ankafuna woyamba kudontha uja amati mutu, chifukwa m'wofooka akangaude amaoleramo. Iyeyo mowa sanaulawepo chibadwire. Koma ankatuluka kwa mayi wotcheza kachasu dzuwa likuswa mtengo, chigubu chili pakaliyala pa njinga, akupereka moni kwa aliyense wokumana naye.

Nthawi imeneyo n'kuti atafunsira mbeta ku Balaka. Bambo athu anatisiya kalekale, amalume athu ali ku Joni, choncho unkhoswe unagwera ine. Amalume a mtsikanayo anali mkulu wa mpingo, mpingo wake wosafuna kumva ngakhale fungo la mowa. Mbiri itawapeza anatumiza mawu akuti mwana wawo sakwatiwa ndi chidakwa, chinkhoswe chaima. Mng'ono wanga anasiya kudya. Ndinamumvera chisoni kwambiri, komanso ndinkalakalaka kumuwomba mbama.

Ndinakwera minibasi kukawachonderera kuti abwere adzaone okha. Anabweradi Loweruka lina, pamodzi ndi mlongo wawo, mayi ake a mtsikanayo.

Ine ndinkati mabotolo aja atiwombola. Sindinaganize mmene amaonekera kwa mlendo: chipinda chonse timabotolo tokhatokha, m'kalikonse muli kachilombo katapinda miyendo. Mayi aja anangosuzumira n'kubwerera pakhomo, ndipo anayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

"Tinamva za uchidakwa," anatero amalumewo. "Za using'anga sanatiuze."

"Iyayi bambo, ndi sukulu imeneyi," anayankha mng'ono wanga atagwada. Anayamba kufotokoza kuti banja la akangaude awa limadziwika ndi maso: anayi ang'onoang'ono m'munsi, awiri akuluakulu pakati, awiri ena pamwamba. Ankalankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Amalume sanasekerere n'pang'ono pomwe. Ananyamula timabotolo tiwiri n'kutiyang'anitsitsa pawindo.

"Nanga awa? Ndi amodzimodzi awa. Munapheranji awiri?"

"Ndi osiyana, bambo."

"Asiyana pati?"

Apa m'pamene ndinadziwa kuti tagwa nayo. Yankho ndinkalidziwa, poti anandifotokozerapo tsiku lina ndikudya, mpaka ndinamuthamangitsa. Mitundu yofanana chonchi amaisiyanitsa poyang'ana ziwalo zoberekera pa galasi lokulitsa zinthu. Tsono ndani angatchule zimenezo apongozi ake aakazi ataima pakhomo? Mnyamata anayang'ana ine, nkhoswe yake. Ine ndinayang'ana kudenga.

"Asiyana chamkatimu, bambo," anatero pomaliza, mawu ali pansipansi.

Amalume anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zokwanira. Anabweza timabotolo tija n'kutola kena kamene madzi ake anali atachita mbuu.

"Uyu bwanji waola?"

"Ena amatero, bambo. Chifukwa chake sindichidziwa, poti ndimagula mutu weniweni."

Bambo aja anatsegula kabotoloko n'kununkhiza. Anatsekanso, kukhutchumula, kuyang'ana thovu. Kenako anadonthetsera pang'ono pachikhatho, kutikita, n'kununkhizanso maso atatsinzina.

"Mutu wake uti? Akupusitsani, mwana wanga. Uyu ndi wakumapeto, ndipo athiramonso madzi. Mutu ukaudonthetsera pamoto umayaka, uyu angazimitse moto. Amakugulitsani ndani zimenezi?"

Nyimbo ya pakhomo ija inaduka.

"Achimwene," anatero mayi aja, "inu zimenezo mwazidziwira kuti?"

Mkulu wa mpingo anatseka kabotolo pang'onopang'ono, anakabwezera pamalo pake, n'kupukuta chikhatho pathalauza. Anapukutanso kachiwiri. Ine sindine wochenjera, sukulu ndinailekera panjira, koma unkhoswe ndinautha tsiku limenelo. Ndinasendera pafupi n'kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

"Bambo, paja chinkhoswe tinati chikhale liti?"

"Mwezi wamawa," anayankha osandiyang'ana. "Mnyamatayu zamowa sadziwa chilichonse."