Viza ya Ndaziona ndi munda wa tiyi

Moni nonse.

Mukudziwa kuti pa Luchenza palibe anandigonjetsapo pokambirana mtengo. Ndiye lero poperekeza Ndaziona, mwana wa achemwali, ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe kukapempha viza ya sukulu, ndamuuza kuti, "Iwe ukangokhala chete, olankhula ndine."

Pageti mlonda wati amalowa mwini wake yekha. Ndanyengerera, mpaka ndayerekeza kuchoka ngati kumsika kuti andiitane. Sanandiitane. Ndatsala padzuwa ndi jekete yobwereka.

Mwana watuluka akumwetulira, amuvomera. Akuti anamufunsa chomwe chidzamubweze kumudzi akamaliza maphunziro, poti akakukayikira pamenepo amakukana. Iye wayankha kuti, "Munda wa tiyi wa amayi ku Nchilamwela ndi wanga, kwathu malo amatsata akazi. Koma ndili ndi amalume enaake, ndikachedwa augulitsa." Wofunsayo akuti anaseka mpaka kuvula magalasi.

Ndikuthokoza Mulungu, ndi inu nonse amene mumamupempherera. Mwana akupita kusukulu, ndipo achemwali musade nkhawa, munda sindiukhudza.

Koma tandiuzani abale, poti mbiri yanga ndiyo yatsegula chitseko, wapambana ndani, iyeyo kapena ine?